Nyumba za Mayiko m'Munda wa ku Venice

Mu Epulo 1895 mzinda wa Venice ku Italy unatsegula chionetsero cha zojambula ndi zosema m'munda wotchedwa Giardini. Chinatchedwa Biennale chifukwa chimachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo poyambapo aluso onse ankakolekera ntchito zawo pansi pa denga limodzi. Zinthu zinasintha mu 1907 pamene Belgium inamanga nyumba yakeyake m'mundamo. Britain, Germany ndi Hungary anatsatira mu 1909, France mu 1912, Russia mu 1914, America mu 1930. Kuchokera apo, wojambula anasanduka nthumwi, ndipo dzina la dziko lake linalembedwa pamwamba pa khomo.

Ukayenda m'munda uja lero, umaona mmene dziko lapansi linagawidwira nthawi ya atsamunda. Pamene Belgium inkatsegula nyumba yake, mfumu yake Leopold II inali ikadagwira Congo ngati munda wa kumwendo kwake. Amene anali ndi chuma ndiwo anafika msanga nadzigawira malo. Mwa nyumba pafupifupi 30 za mu Giardini, ya dziko la mu Africa ndi imodzi yokha, ya Egypt, ndipo South Korea inadzatsegula nyumba yake mochedwa, mu 1995.

Nyumba yonyamula dzina la dziko imakopa andale. Hitler anafika pachionetserochi mu 1934, ndipo mu 1938 nyumba ya Germany inamangidwanso ndi mizati yamphamvu yogwirizana ndi mtima wa boma lake. Yankho linabwera mu 1993, pamene Hans Haacke anaphwanya miyala yoyala pansi m'nyumba yomweyo, alendo n'kumaponda pazibenthu. Mnzake woimira naye Germany chaka chimenecho anali Nam June Paik, wobadwira ku Korea, ndipo nyumbayo inapata mphoto ya Mkango wa Golide. Funso lakuti woimira dziko ayenera kukhala yani linali litatseguka.

Kwa ife a mu Africa funsolo ndi lolemera kwambiri, chifukwa tinalowa mochedwa ndiponso mochita lendi. South Africa inatsekeredwa kunja chifukwa cha tsankho chitatha chaka cha 1968, n'kubwereranso mu 1993. Mayiko ena amabwereka zipinda ku Arsenale, kumene kale ankapangira zombo, kapena m'nyumba zakale za mumzinda. Mu 2011 Zimbabwe inatsegula nyumba yake yoyamba kudzera ku National Gallery of Zimbabwe. Raphael Chikukwa ndiye anasankha aluso ndi kukonza chionetserocho, natenga anthu monga Tapfuma Gutsa ndi Misheck Masamvu. Patangotha zaka ziwiri Angola, ikubwera koyamba, inalandira Mkango wa Golide ndi zithunzi za m'misewu ya Luanda zojambulidwa ndi Edson Chagas, zimene alendo ankaloledwa kutenga kupita nazo kwawo.

M'chaka chomwecho cha 2013, komanso mu 2015, nyumba yolembedwa Kenya inadzaza ndi aluso ambiri a ku China, okonza ake ali a ku Italy. Ojambula a ku Nairobi anakwiya, ndipo anakwiya m'malo mwake. Boma linadzipatula ku chionetserocho, ndipo mu 2017 Kenya inabwerera ndi mkonzi wake Jimmy Ogonga. Vuto silinali mlendo kulowa m'nyumba ya dziko lina, pakuti mu 2013 momwemo Germany inaonetsa Ai Weiwei wa ku China ndi Santu Mofokeng wa ku South Africa, itasankha yokha kutero. Ku Kenya eni dzina sanafunsidwe. Ine ndimaona kuti mbiri yonseyi ikutsamira pa munthu wosankha, amene nthawi zambiri dzina lake limalembedwa laling'ono kuposa la dziko ndi la wojambula.

Mphamvu ya munthu ameneyu inaonekeranso mu 2015, pamene Okwui Enwezor wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutsogolera chionetsero chachikulu, chimene sichiyang'ana mbendera za mayiko. Pakati pa amene anawaitana panali Samson Kambalu, mwana wa ku Malawi wokhala ku Britain, wodziwika ndi timafilimu tafupitafupi timene amatitcha Nyau Cinema, totunga nzeru ku Gule Wamkulu. Analowa m'chionetsero cha ku Venice kudzera m'kalata ya Enwezor, zaka zisanu ndi ziwiri chiboliboli chake cha John Chilembwe chisanaimikidwe pa Trafalgar Square ku London.