Nosferatu ndi Chala cha Mtchona

Filimu ya Nosferatu, imene F. W. Murnau adaitulutsa ku Berlin mu 1922, imaseketsa munthu akaionera ali wamng'ono. Ilibe mawu, anthu ake amayenda monjanja, ndipo Max Schreck, amene adasewera Count Orlok, ali ndi makutu osongoka ndi mano ngati a khoswe. Khoti lidalamula mu 1925 kuti iwonongedwe, chifukwa mkazi wamasiye wa Bram Stoker adadandaula kuti nkhaniyo idabedwa m'buku la Dracula. Makope ena adapulumuka.

Ine filimuyi idayamba kundiopsa nditawerenga mbiri ya makolo athu a m'mapulazi a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland, cha ku Mazowe, Bindura, Banket ndi Mvurwi. Taonani mmene tsoka limayambira. Mnyamata Hutter akutumidwa ndi bwana wake kudziko lakutali, atalonjezedwa ndalama. Anthu a m'njira akumuchenjeza, iye osamva. Atafika, akudzicheka chala podula buledi, ndipo mwini nyumba maso ali pamagaziwo. Kenako pakubwera mapepala oti asainidwe.

Ulendo wotere agogo athu adaudziwa. Msonkho udawatulutsa ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson. Ena adayenda pansi, kuwoloka Zambezi mpaka ku Mutoko. Ena adakwera malole a Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi. Maina okomawo akuchitirani umboni okha: zaulere, wothandiza. Wosadziwa kulemba ankadinda chala papepala limene sakadatha kuliwerenga, ndipo papulazi mwezi unkatha pokhapokha tikiti itakwana masiku 30 ogwira ntchito. Ambiri sadabwererenso, nkukhala matchona.

Nchifukwa chake sindiziona ngati umbuli chabe mphekesera za opopa magazi za m'nthawi ya atsamunda. Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, adaonetsa kuti nkhani za banyama ku Northern Rhodesia zinkayenda limodzi ndi ntchito yaganyu ndi ulamuliro wa azungu. Liwu lathu lakuti anamapopa nalonso likunena zambiri. Mfiti yakwathu imadya nyama ya munthu, ndipo kawirikawiri imakhala mbale wako. Namapopa amachita kupopa, ali ndi zida, ndipo magaziwo amapita nawo kwa ena.

Komabe filimuyi ili ndi mbali ina yowawa. Orlok ndi mlendo wochokera kummawa, wofika pa sitima ya pamadzi ndi makoswe ndi mliri, ndipo akatswiri ambiri aonamo chithunzi cha chidani chimene Ayuda ankachitiridwa ku Ulaya. Ku Mashonaland, mlendo woopedwayo tidali ife. Ankatitcha mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre, ndipo Gule Wamkulu wa m'makomboni, amene Ashona amati zvigure, ankamuona ngati ufiti. Amene thukuta lake linkakamidwa ndi yemweyo ankalozedwa chala.

Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri adataya ntchito ndi pogona pomwe, alibe mudzi wothawirako. Lamulo la unzika la mu 2001 lidafuna kuti obadwira mu Zimbabwe kwa makolo akunja akane unzika wa maiko amene ena a iwo adali asadawapondepo. Adzukulu a odinda chala adapezekanso pamzere, akudikira pepala.