Kapitao, folomani ndi kontirakitala: mayina a woyang'anira zomangamanga

Chaka chatha ndinkamangitsa nyumba ya mayi anga ku Lunzu. Tsiku lina m'mawa ndinafika pamalopo n'kupeza bambo amene ankayang'anira ntchito akuyeza ngodya ndi chingwe. Ndinawapatsa moni mwaulemu ndithu: "Mwadzuka bwanji a kapitao?" Anyamata okanya matope anaseka. Bambowo sanaseke. Anati, "Achimwene, kapitao anapita ndi azungu a kuesiteti. Ine ndine folomani." Tsiku lonselo anandiyankha mwachidule, ndipo ine, munthu wophunzitsa chilankhulo, ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa chimene ndalakwa.

Mawu oti kapitao si achingerezi ngati momwe ambiri amaganizira. Anachokera ku Chipwitikizi, capitão. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, ndipo mawu awo anakwera ndi Zambezi ndi Shire kalekale Angerezi asanafike. Njira yomweyo inatibweretsera nsapato, kalata, zenera, kama ndi mbatata. Inatibweretseranso chikoti, kuchokera ku chicote, ndipo mudzaona posachedwapa kuti mawu awiriwa, kapitao ndi chikoti, sanayende limodzi mwangozi. Pakatchulidwe, liwu la m'mphuno la kumapeto lija tinalitaya, kenaka ena anaikapo w pakati pa mavawelo awiriwo, n'chifukwa chake mumaona kapitao m'mabuku akale ndi kapitawo m'zolemba zambiri za lero. Ambiri ndi akapitao, gulu limodzi ndi agalu.

Amishoni a ku Scotland atafika ku Blantyre mu 1876, anadzera njira ya ku Quelimane, ndipo mawuwa anawapeza ali kale pakamwa pa anthu opalasa ngalawa ndi amtengatenga. Anawatenga momwemo. Kapitao anakhala munthu wakuda aliyense woikidwa pakati pa mzungu ndi antchito: wotsogolera ulendo, woyang'anira sitolo, wowerenga njerwa pauvuni. Poyamba panalibe chonyoza. Umboni wake ndi wakuti omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anagwiritsa ntchito mawu omwewa potchula woyang'anira chuma wa m'fanizo la pa Luka 16.

Tisanapitirire, taganizirani mneni amene timagwiritsa ntchito. Kumanga tanthauzo lake loyamba ndi lija la luzi ndi chingwe. Nyumba ya makolo inkamangidwa zenizeni: nsichi, mbalo, phaso, zonse zomangidwa ndi luzi, kenaka kuphoma ndi kufolera. Njerwa zitabwera, chingwe chinachoka koma mneni anatsala. Lero timati tamanga nyumba ngakhale palibe mfundo ndi imodzi yomwe. Mneni yemweyo ndi amene apolisi amagwiritsa ntchito pa wakuba, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti Chichewa chimasiyanitsa kumanga ndi kumangitsa, pomwe mabuku a mbiri yathu nthawi zambiri sasiyanitsa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Timawerenga kuti David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndiye anachimanga. N'zoona kuti maganizo anali ake, ndipo ankayesa yekha kasanjidwe ka njerwa zisanamatidwe. Koma dothi analiponda ndani? Anaumba ndani njerwa zamitundumitundu zija, n'kuziwotcha ndi nkhuni pomwepo? Anakwera ndani pamwamba pa nsanja? Galamala yathu ikanaloledwa kulankhula, ikanati Scott anamangitsa, amisiri anamanga. Ndipo pakati pa Scott ndi amisiriwo panali akapitao, anthu omva zilankhulo ziwiri, amene ankasandutsa maganizo a mzungu kukhala malangizo oti munthu wa chikombole amve. Chondisangalatsa n'chakuti Scott yemweyo anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892, chaka chimodzi tchalitchi chitatha. Ndimakhulupirira kuti mawu ena anawatola pamalo a ntchito pomwepo, ngakhale ichi ndi chiganizo changa chabe.

Nanga dzinali linaipa liti? Linaipira kuminda ya azungu. Thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana, anasanduka ntchito yokakamiza imene munthu wokhala pa esiteti ankagwira m'malo mwa lendi. Mwini esiteti sankayenda m'mudzi kukadzutsa anthu. Ankapita ndi kapitao. Ndiye ankasunga tikiti, ndiye ankachonga masiku kapena kukana kuchonga ngati ndime sinathe, ndipo nthawi zina ndiye ankagwira chikoti. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, madandaulo a anthu anali omwewa: mwezi wa thangata wosatha, malipiro osakwana, kumenyedwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo. Boma litagonjetsa oukirawo, linagumula tchalitchi cha njerwa cha Chilembwe ku Mbombwe, chimene Afirika anamanga ndi kumangitsa okha, popanda mzungu pamwamba pawo. Thangata linapitirirabe mpaka 1962. Bambo a ku Lunzu aja ali ndi zaka zopitirira 60, kwawo ndi ku Thyolo. Makolo awo anaona zimenezi ndi maso.

Folomani anabwera ndi mphepo ina. Amuna ambirimbiri anapita ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera ku Wenela, ena ku Mthandizi, ena paokha wapansi. Kumeneko ntchito inkayendetsedwa m'Chilapalapa ndi Chingerezi, ndipo obwerera anabwera ndi fosholo, piki, wilibala ndi mayina atsopano a maudindo. Dipatimenti ya boma yoona za misewu ndi nyumba nayo inali ndi mafolomani ake. Pamene likulu linkamangidwa ku Lilongwe, lisanasamuke ku Zomba mu 1975, folomani anali munthu wodziwa kuwerenga pulani, wa tepi m'thumba ndi pensulo pakhutu. Kusiyana kwake kuli apa: ukapitao umachokera kwa bwana, ufolomani umachokera ku luso. Kapitao akhoza kukhala wosadziwa kuika njerwa ndi imodzi yomwe, bola anthu azimuopa. Folomani amayenera kutha kugwetsa khoma lopindika n'kulimanganso yekha anyamata akuona.

Kwa inu okonda kalembedwe: malamulo amati r amabwera pambuyo pa i ndi e, kwina konse l. Choncho folomani, osati foromani, koma kontirakitala. Ndikudziwa kuti pazikwangwani za m'tauni mupeza kontalakitala, kontrakitala ndi zina zotero. Sindikwiya nazo. Mawu obwereka amatenga nthawi kuti akhale pansi.

Kontirakitala ndiye wamng'ono pa onse m'zaka, koma wamkulu m'thumba. Iye sadziwika ndi luso kapena chikoti, amadziwika ndi pepala. Kuyambira pamene lamulo la 1996 linakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council, wofuna ntchito zazikulu amayenera kulembetsa. Koma mverani mmene mawuwa amamvekera pawailesi: kontirakitala wathawa, kontirakitala wasiya mlatho panjira, kontirakitala sanalipire antchito miyezi itatu. Ndikuona ngati mawuwa ayamba kale kutola fungo lawo, monga anachitira kapitao. Zaka zikubwerazi mwina wina adzakana dzinali pamaso pa mwana wasukulu.

Komabe ndisakokomeze. Kapitao sanafe, ndipo sikonse kumene amanyansa. Kuminda ya tiyi ndi ya fodya akadalipo. Ogwira ntchito zokonza misewu ya m'midzi amati "kapitao wathu" mopanda chidani. Mnzanga wa ku Nsanje anandiuza kuti kwawo, kufupi ndi kumene mawuwa analowera, ndi dzina laulemu ndithu, ndipo ena ndi dzina lawo la mtundu. Ngati pakati pa inu owerenga pali wa ku Tete kapena ku Chipata, ndingakonde kumva mmene amamvekera kumeneko. Tanthauzo la m'dikishonale n'limodzi, koma chimene munthu wa ku Thyolo amamva si chimene wa ku Chigwa cha Shire amamva.

Ku Lunzu kuja nkhani inatha chonchi. Nyumba itafika palintala, ndinapita ndi ndalama za gawo limenelo, pakuti tinapangana kulipirana pamaziko, pawindo, palintala ndi pofolera. Ndinali nditaganiza kale za moni. Ndinati, "Amisiri, mwaswera bwanji?" Anandiyang'ana kanthawi, akupukuta simenti m'manja. Kenaka anati, "Eya, limenelo ndiye dzina. Ufolomani ndi wa pano pokha, tikafolera watha." Anawerenga ndalamazo kawiri, n'kuitana mnyamata kuti abweretse levulo, chifukwa ankafuna ndione ndekha kuti lintala yagona bwino.