Mbiri ya Mafayilo a Zithunzi ndi Phunziro Lake kwa Osunga Zakale

M'chaka cha 1992 munatuluka njira zitatu zosungira zithunzi pakompyuta: JPEG, TIFF 6.0 ndi Photo CD ya kampani ya Kodak. Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kufufuza chimene chinachititsa kuti ziwiri zoyambazo zikhalepo mpaka lero pamene yachitatuyo inazimirira.

Photo CD inali njira yapamwamba pa nthawi yake. Zithunzi za pafilimu zokwana 100 zinkalowa pachimbale chimodzi, ndipo nyumba zambiri zosungira zinthu zakale zinaidalira. Koma Kodak sinafalitse poyera malamulo onse a kamangidwe ka fayiloyo. Kampaniyo itasiya malondawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mapulogalamu otsekula mafayilowo anayamba kusowa. Zimbale zinalipo, koma zithunzi zinasanduka ngati kalata yolembedwa m'chilankhulo chimene olankhula ake atha.

Mbiri ya TIFF ndi yosiyana. Kampani ya Aldus inaiyambitsa mu 1986, ndipo inapita m'manja mwa Adobe mu 1994. Malamulo ake anasindikizidwa kuti aliyense awawerenge ndi kupanga pulogalamu yakeyake. Ndiponso TIFF imatha kusunga chithunzi chonse osatayako kanthu. JPEG nayo ili ndi malamulo apoyera, koma imachepetsa fayilo potaya tizigawo tina ta chithunzi, ndipo munthu akachikonza ndi kuchisunganso, tinanso timatayika. Makamera amakono anabweretsanso vuto lofanana ndi la Kodak, pakuti makampani ambiri ali ndi mafayilo awoawo a RAW, monga NEF ya Nikon ndi CR2 ya Canon. Pofuna kuthetsa zimenezi, Adobe inatulutsa DNG mu 2004, malamulo ake ali poyera.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno. Endangered Archives Programme, imene British Library inakhazikitsa mu 2004, imafuna kuti zithunzi za zolemba zakale zisungidwe mu TIFF, ndipo zolemba za chipani cha UNIP ku Lusaka zinajambulidwa kudzera m'ntchito imeneyo. Ofufuza amene amajambula makalata a mafumu, mabuku a kumamishoni kapena miyambo ya m'midzi ayenera kutsata njira yomweyo. Chithunzi choyambirira chikhale cha TIFF, cha JPEG chikhale chogawira ophunzira, ndipo cha RAW chisasungidwe chokha. Mawu ofotokoza chithunzi alembedwe mu Unicode kuti lemba longa ŵ lisasokonekere.

Pomaliza, tikuona kuti ubwino wa chithunzi si umene umapulumutsa fayilo. Ife aphunzitsi a zilankhulo tikudziwa kuti chilankhulo chimakhalitsa ngati malamulo ake alembedwa ndipo ochiwerenga ndi ambiri. Posankha mosungira zithunzi zathu, tiyambe tafunsa ngati malamulo a fayiloyo ali poyera, ndiponso ngati mapulogalamu oitsekula ndi ochuluka.