BEDE WA KU JARROW, MPHUNZITSI WA PAMALO AMODZI

Ambiri mwa anthu omveka m'mbiri ya Mpingo anamveka cifukwa ca maulendo ao. Paulo anaoloka nyanja kangapo, Columba anasiya kwao ku Ireland nakamanga pa cisumbu ca Iona. Koma Bede, amene timkumbukira pano, anakhala m'nyumba ya amonke kuyambira ubwana wace kufikira imfa yace, ndipo nchito yace inali yomweyo imene ife tiigwira: kuphunzira, kuphunzitsa ndi kulemba.

Anabadwa kumpoto kwa England, m'ufumu wa Northumbria, ca m'ma 673. Pofika zaka 7 abale ace anampereka kwa Benedict Biscop, mwini nyumba ya amonke ya ku Wearmouth, imene inamangidwa m'caka ca 674. Biscop anali munthu wa njala ya mabuku. Anapita ku Roma kangapo, ulendo wa miyezi yambiri, ndipo pobwera anali kudza ndi mabuku ndi zithunzi. Anaitananso amisiri a magalasi ku Gaul ndi mphunzitsi wa nyimbo ku Roma. Posacedwa anamanga nyumba yaciwiri ku Jarrow, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, naika Ceolfrith akhale mkulu wace. Kumeneko ndiko Bede anakulira.

Ca m'ma 686 mliri unagwa pa Jarrow. Wolemba wina wa masiku omwewo anena kuti mwa onse odziwa kuyimba mapemphero a tsiku ndi tsiku anatsala awiri okha, Ceolfrith ndi kamnyamata kena. Mkuluyo anafupikitsa mapemphero, koma itatha sabata imodzi mtima unamkana, ndipo awiriwo anayambanso kuyimba zonse monga kale, kufikira ataphunzitsa ena. Dzina la mwanayo silinalembedwe, koma akatswiri ambiri ayesa kuti anali Bede. Amene anatsegulapo sukulu ndi ana atatu okha m'nyengo ya kulima adziwa kuti kusaleka kotere si cinthu capafupi.

Anadzozedwa udikoni ali ndi zaka 19, ndi unsembe ali ndi zaka 30. Zambiri zimene analemba zinali zomasulira Malembo, koma analemberanso ana a sukulu yace timabuku ta kalembedwe kabwino ka Cilatini, ta ndakatulo, ndi ta cilengedwe. M'buku lace la kawerengedwe ka nyengo, la m'caka ca 725, anaphunzitsa kuti dziko liri lozungulira ngati mpira, ndi kuti kudzala ndi kuphwa kwa nyanja kutsata mwezi. Mutu woyamba wa bukulo uonetsa kuwerenga ndi zala kufikira 9,999. Ife amene tikalipira ana powaona akuwerenga zala pansi pa benci tiyenera kufatsako pang'ono.

Buku lace lalikulu ndilo mbiri ya Mpingo pakati pa Angelezi, limene analitsiriza m'caka ca 731. Munthu wosayenda akanadziwa bwanji za madera akutali? Anafunsa. Analembera makalata ansembe ndi mabishopu a m'maufumu ena, anamva kwa nkhalamba zimene zinaona ndi maso, ndipo wansembe wina wa ku London, Nothhelm, anamtengera makalata a apapa ocokera m'nkhokwe za ku Roma. Pa ciyambi ca buku anachula maina a amene anamuuza, kuti wowerenga adziwe kumene nkhani inacokera. Ndiyenso anazoloweretsa anthu kuwerenga zaka kuyambira pa kubadwa kwa Kristu. Njirayo anaiyamba Dionysius Exiguus m'caka ca 525, koma inafala cifukwa ca mabuku a Bede. Tsiku liri lonse polemba caka pa bolodi titsata mapazi ace osadziwa.

Sanali wopanda zolakwa. Anali ndi mtima wouma pa Akristu a mtundu wa Abritoni, amene sanafune kusunga Paska pa tsiku la Aroma, ndipo pena mbiri yace iwaweruza mopitirira. Nayenso ananenezedwa: m'caka ca 708 ena anamucha wopotoza cikhulupiriro cifukwa ca mawerengedwe ace a zaka za dziko, ndipo kalata imene anayankha nayo ionetsa kuti zinamuwawa ndithu.

Cimene cindikhudza ine koposa ndi kalata yace ya m'caka ca 734 kwa Egbert, bishopu wa ku York. M'menemo adandaula kuti midzi yambiri ya m'mapiri inali kupereka msonkho kwa bishopu amene sanafikeko zaka zambiri, ndi kuti inalibe wophunzitsa. Apempha kuti anthu osadziwa Cilatini aphunzire Cikhulupiriro ca Atumwi ndi Pemphero la Ambuye m'cinenero cao, ndipo anena kuti iye mwini anamasulira zimenezi m'Cingelezi kuthandiza ansembe osaphunzira. Munthu wodziwa Cilatini kopambana m'dziko lonselo sanacite manyazi ndi cilankhulo ca kumudzi. Egbert yemweyo anakulitsa sukulu ya ku York, ndipo m'sukulumo munaturuka Alcuin, amene pambuyo pace anakayang'anira maphunziro m'bwalo la mfumu Charlemagne.

Za imfa yace tizidziwa mwa kalata ya wophunzira wace Cuthbert. M'caka ca 735, Paska ali pafupi, Bede anayamba kubanika, ndipo pambuyo pace mapazi anatupa, koma sanaleke kuphunzitsa. Anali kumasulira Uthenga Wabwino wa Yohane m'Cingelezi, akunena mau, ana akulemba. Pa tsiku lotsiriza anagawira ansembe anzace cuma cace conse, ndico tsabola pang'ono, tinsaru ndi lubani. Madzulo mnyamata wolemba, dzina lace Wilberht, anamkumbutsa kuti patsala mau ocepa; iye anawanena, mnyamatayo nalemba. Pamenepo anapempha kuti amkhazike pansi m'cipinda cace, moyang'ana pamene anali kupempherera, namwalira akuyimba kulemekeza Utatu Woyera, usiku wolowa Tsiku la Kukwera Kumwamba, m'mwezi wa May.

Cimasuliro ca Yohane cija cinatayika, palibe tsamba linatsala. Mafupa ace ali m'nyumba ya Mulungu yaikuru ya ku Durham, ndipo m'caka ca 1899 Papa Leo XIII anamwerengera pakati pa Aphunzitsi a Mpingo.