Asilikali asanu amene anafa pa ngozi ya ndeke ku Gabon

Mwa anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndeke ku Gabon pa 27 April 1993, asanu anali asilikali a Zambia Air Force. Iwo anali kupeleka timu ya mpila ya dziko lino ku Senegal pa ndeke ya mtundu wa Buffalo, imene inagwela m'nyanja itangonyamuka ku Libreville.

Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linati injini ya kumanzele inagwila moto, ndipo woyendetsa, ali wotopa, anazimitsa ya kumanja imene inali bwino.

Maina ao samveka kawilikawili monga a osewela mpila, koma onse anaikidwa pamodzi ku Heroes' Acre, pafupi ndi Independence Stadium mu Lusaka.