Unctuous: liwu lomwe linachoka kuguwa n'kukathera mumphika

Pa 6 May 2023, ku Westminster Abbey, anaimika zotchinga kuti makamera asaone mbali imodzi ya mwambo wolonga ufumu Charles III. Kuseriko Arkibishopu wa ku Canterbury ankamudzoza mafuta m'manja, pachifuwa ndi pamutu. Mwambo wotere Angerezi amautcha unction. Koma munthu akakuuzani kuti ndinu unctuous, musathamangire kuthokoza, wakunyozani ameneyo.

Mawu onse awiri anachokera ku Chilatini, ku liwu loti unguere, kutanthauza kudzoza. Abale ake ndi ointment, mankhwala opaka aja, ndi extreme unction, dzina lakale la sakramenti lomwe Akatolika anayamba kulitcha kudzoza odwala utatha msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965. Unctuous inalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 ilibe mlandu uliwonse. Linali liwu la chinthu cha noninoni, choterera ukachigwira, kaya mafuta, kaya dothi lachonde.

Zinatembenuka m'zaka za m'ma 1700. Mlaliki wogwira mitima ankati ali ndi unction, monga momwe ife timanenera kuti uyu ngwodzozedwa. Tsono ongoyerekeza kudzozedwako, a mawu oshashalika ndi nkhope yachiyero chabodza, ndi omwe anasenza liwu loti unctuous.

Amene anaipatsa nkhope mbiri yoipayi ndi Charles Dickens m'buku lake David Copperfield la mu 1850. Muli kalaliki wina, Uriah Heep, wa manja ozizira a chinyontho, wosatopa kuwatikita uku akudzichepetsa pamaso pa aliyense, pomwe kumbali akukumba dzenje loti agweremo bwana wake, loya Wickfield. David atangogwirana naye chanza, anapukuta dzanja lake. Mpaka lero Mngerezi akafuna chitsanzo cha munthu woterera chonchi, dzina la Heep silichedwa kutuluka.

Masiku ano liwuli lapeza ntchito ina kukhitchini. Olemba za zakudya amalitchula poyamikira nyama yonona yophika nthawi yaitali, kapena msuzi wa mafupa womata milomo, ngakhale okonda Chingerezi chakale amadandaula nazo. Kunena zoona olembawa sanalakwe, angolibweza ku tanthauzo lake loyamba. Ndiye mukalimva, yang'anani kaye ngati akunena za mbale kapena za munthu.