Impedance ya sipika

Impedance ya sipika ndi muyezo wosonyeza mmene sipika imakanira magetsi onyamula mawu ochokera ku ampulifaya. Imayezedwa mu ma ohm, dzina lochokera kwa Georg Simon Ohm, wasayansi wa ku Germany amene anafalitsa lamulo lake la magetsi mu 1827. Mawu oti impedance anawayambitsa ndi Oliver Heaviside wa ku Britain mu 1886. Masipika ambiri amalembedwa kumbuyo kuti ndi a ma ohm 4, 8 kapena 16. Nambalayi ndi yofunika kwambiri pa ampulifaya zakale zoyendera mavalavu, zimene ku America amazitcha za machubu, chifukwa kulumikiza molakwika kungathe kupsereza thiransifoma yake.

Tanthauzo la nambalayi

Sipika yodziwika kwambiri ili ndi koyilo ya waya wopyapyala yokhala pakati pa maginito. Magetsi akadutsa mu koyiloyo, imanjenjemera n'kugwedeza chipepala chimene chimatulutsa mawu. Mtundu umenewu anaufotokoza ndi Chester W. Rice ndi Edward W. Kellogg a kampani ya General Electric mu 1925.

Nambala yolembedwa pa sipika si yokhazikika. Impedance imasintha malinga ndi mawu amene akuseweredwa: imakwera kwambiri pamawu ena a besi pamene chipepala chimanjenjemera mosavuta, imatsika pamawu apakati, kenako imakweranso pamawu ang'onoang'ono. Sipika ya ma ohm 8 ingathe kufika pa ma ohm 30 kapena kuposa pamalo ena. Malamulo a bungwe la IEC amati impedance isatsike kupitirira 80 peresenti ya nambala yolembedwayo, kutanthauza ma ohm 6.4 pa sipika ya ma ohm 8.

Pa masipika akale zolemba zimakhala zitafufutika, choncho amisiri amayeza ndi mita yamagetsi. Mita imaonetsa nambala yocheperapo, chifukwa imangoyeza waya wa koyilo sipika ili duu. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ndipo ya ma ohm 16 imaonetsa cha m'ma 12.

Ntchito ya thiransifoma

Mavalavu amagwira ntchito ndi mavoti mazanamazana koma magetsi oyenda amakhala ochepa, ndipo amafuna katundu wa ma ohm masauzande angapo. Sipika imafuna zosiyana ndi zimenezi. Thiransifoma ya kotulukira mawu ndi imene imagwirizanitsa ziwirizi. Ngati waya wa mbali ya mavalavu wakulungidwa maulendo 25 pa ulendo umodzi uliwonse wa mbali ya sipika, impedance imachulukitsidwa ndi 25 kuchulukitsa 25, yomwe ndi 625. Pamenepo sipika ya ma ohm 8 imaoneka kwa mavalavu ngati ma ohm 5,000. Munthu akaikapo ya ma ohm 4, mavalavu amaona 2,500, ndipo akaikapo ya 16 amaona 10,000.

N'chifukwa chake ampulifaya zambiri zili ndi polumikizira pangapo. Dynaco ST-70 ya mu 1959 ndi McIntosh MC275 ya mu 1961 zili ndi pa ma ohm 4, 8 ndi 16. Sipika iliyonse imayenera kupita pa nambala yake.

Kulumikiza molakwika

Sipika ikakhala ya ma ohm ochepa kuposa polumikizira pake, mavalavu amakoka magetsi ambiri, amatentha ndipo amatha msanga. Ikakhala ya ma ohm ambiri, mphamvu ya mawu imachepa ndipo mavoti mu thiransifoma amakwera. Ampulifaya zambiri zimapirira kusiyana kwa kawiri, ngati sipika ya 16 pa 8, zikamaseweredwa motsitsa, koma si zonse.

Choopsa kwenikweni ndi kuliza ampulifaya ya mavalavu popanda sipika, kapena waya wa sipika utaduka. Mphamvu ya mu thiransifoma imasowa kolowera, mavoti amakwera mwadzidzidzi n'kuboola chotchinga cha mawaya ake. Thiransifomayi ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri mu ampulifaya, ndipo za mitundu yakale zimavuta kupeza. Ampulifaya za matransisita zili ndi khalidwe lina: sizivutika zikakhala zopanda sipika, koma zimapsa ma ohm akachepa kwambiri kapena mawaya awiri akagundana. Anthu ozolowera zipangizo zamakono amalakwitsa pamenepa.

Masipika akale

Ku Britain kale ankakonda ma ohm 15. Masipika a Tannoy Monitor Red ndi LS3/5A yoyambirira ya BBC anali otero, ndipo amayenda bwino pa polumikizira pa 16. Matransisita atafala m'zaka za m'ma 1960, makampani anatsikira pa 8 ndi 4, chifukwa ampulifaya zatsopanozo zimapereka mawati ambiri ma ohm akachepa. Kampani ya Philips inapita kwina: m'zaka za m'ma 1950 inapanga masipika a ma ohm 800 olumikiza ku mavalavu popanda thiransifoma.

Mawailesi ambiri a m'ma 1930 anali ndi masipika opanda maginito okhazikika. M'malo mwake munali koyilo yachiwiri yopanga maginito ndi magetsi. Koyiloyi imaonetsa ma ohm mazana kapena masauzande pa mita, koma imeneyo si impedance ya sipika, ndipo mumadutsa mavoti okhoza kupha munthu.

Masipika angapo

Masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa motsatizana, magetsi n'kumadutsa mu imodzi kenako mu inzake, amapanga 16. Umu ndi mmene zilili mu Vox AC30, ampulifaya ya gitala imene gulu la The Beatles linkagwiritsa ntchito. Akalumikizidwa moyandikana, iliyonse ndi njira yake, amapanga 4, ngati mu Fender Twin Reverb. Fender Bassman ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 inali ndi masipika anayi a ma ohm 8 olumikizidwa moyandikana, ndipo thiransifoma yake inapangidwira ma ohm 2.